KU NAIVASHA MALUWA AGONA M'CIPINDA COZIZIRA

Pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 90 kucokera ku Nairobi, likulu la dziko la Kenya, pali nyanja yochedwa Naivasha. Wapaulendo wopita kumeneko amatsikira m'cigwa cacikulu ca Rift Valley, napenya phiri la Longonot, kenaka madzi a nyanjayo momwe mukhala mvuu zambiri. Malowa ndi okwera mamita oposa 1,800, kotero kuti usana kumawala dzuwa lamphamvu koma usiku kumazizira.

Kum'mwera kwa nyanjayi, m'mbali mwa mseu wa Moi South Lake, mwandandalika nyumba zazitali zofoleredwa ndi pulasitiki. M'nyumbazi amalimamo maluwa a rozi. Maluwawa sadyedwa ai. Anthu a ku Ulaya amawagula kuti akometsere nyumba zao ndi kupatsa okondedwa ao, maka-maka pa 14 February. Anthu zikwi zambiri, ocuruka mwa iwo azimai, amadyetsa mabanja ao ndi nchito imeneyi.

Bvuto la mlimi wa rozi nlakuti duwa likangodulidwa limayamba kufa. Limapumabe ndi kutaya madzi, ndipo kukatentha limafota msanga. Komatu wogula ali kutsidya kwa nyanja, ndipo afuna duwa loti likhale sabata lathunthu m'botolo pa thebulo pake.

Ncifukwa cace anchito akangodula maluwa amawaika m'zidebe za madzi zotsukidwa bwino. M'madzimo amathiramo klorini, mankhwala onga amene timathira m'madzi akumwa, kuti aphe tizirombo tosaoneka ndi maso. Tizirombo timeneti tikaswana timatseka timisempha ta m'phesi, madzi nalephera kukwera, ndipo duwa limaweramitsa khosi lisanamasule. Amathiramonso mankhwala owawasa monga aluminium sulphate kapena citric acid, pakuti madzi owawasa pang'ono amakwera mosabvuta m'phesi. Nthawi zina amaonjezako shuga kuti akhale cakudya ca duwa, popeza lasiyana ndi mizu yake.

Kucokera m'munda zidebezo zimapita molunjika ku cipinda cozizira, cimene ciri ngati firiji yaikulu ngati nyumba. M'menemo kuzizira kumakhala pakati pa madigiri 2 ndi 4, ndipo anchito olowamo amabvala majekete okhuthala ngakhale kunja kuli dzuwa. Maluwa amakhalamo maora angapo kufikira kutentha konse kwa m'munda kutatha. Pamenepo amawasadza masamba a m'munsi, kuwasankha molingana ndi kutalika kwa mapesi, kuwamanga m'mitolo ya 10 kapena 20 ndi kuwalongedza m'makatoni.

Mdani wina ndi nkhungu yotuwa yochedwa Botrytis, imene imaoletsa duwa ngati lanyowa. Katoni yozizira ikasiyidwa padzuwa ndi kubwezedwanso m'cipinda, maluwa amacita mame, ndipo nkhunguyo imapeza pomera. Motero malole onyamula maluwa ali ndi mafiriji ao, ndipo amakatula katundu m'zipinda zina zozizira pa bwalo la ndeke la Jomo Kenyatta ku Nairobi. Pakapita masiku owerengeka maluwawo amakhala ali pa msika waukulu wa Aalsmeer m'dziko la Netherlands. Ena amapita pa sitima ya pamadzi kudzera ku Mombasa, ulendo wa masabata angapo, ali m'mabokosi ozizira koposa.

Ngakhale ziri tero, kuzizira kumangocedwetsa imfa ya duwa. Mu April 2010 phiri la moto linaphulika ku Iceland, phulusa lake niletsa ndeke kuuluka ku Ulaya. Zipinda za ku Naivasha zinadzaza, maluwa ambiri-mbiri anataidwa kudzala, ndipo anchito ambiri anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Zotere zinacitikanso mu March 2020 pamene matenda a Covid-19 anatseketsa misika.

Kuno kwathu nako, mafamu ena ozungulira Lusaka anakuza ulimi wa rozi m'zaka za m'ma 1990, natumiza maluwa ku Netherlands mothandizana ndi bungwe la Zambia Export Growers Association. Njira yake ndi yomweyi ya madzi aukhondo ndi cipinda cozizira.

Mlimi wa kumudzi alibe firiji, koma nzeru ya ku Naivasha angathe kuigwiritsa nchito m'dimba lake. Repu ndi matimati nazo zimapuma zikathyoledwa. Wothyola m'mamawa dzuwa lisanakwere, naika ndiwo zake pamthunzi m'dengu laukhondo ndi kufunditsa saka lonyowa, amafika nazo pa msika zisanafote ndipo sakakamizidwa kutsitsa mtengo.