Kandege ka rimoti: werengani kaye musanatulutse dola

Aise, mafana angapo kudoko akhala akundionetsa zithunzi za tindege ta rimoti pa AliExpress, funso lawo n'limodzi: kotchipitsitsaka kali bwanji? Ndiyankhe kamodzi, otumizirana mutumizirane.

Ife okonza mainjini a maboti sitiyamba ndi mtengo. Timayamba ndi funso loti sipeya zake zikupezeka? N'chifukwa chake Yamaha Enduro sisowa m'madoko muno, msodzi amadziwa kuti impela ikatha aipeza. Nanji kandege, kamene kugwa ndi gawo la ntchito yake! Pulopela ithyoka sabata yoyamba, osakaika. Ngati wogulitsayo alibe mapulopela, mota ndi batire zapadera, mwagula chidole cha masiku atatu.

Totchipitsitsa amatilemba 2CH. Kotere kalibe chiwongolero kumchira. Kali ndi timota tiwiri: kuti kakhote, imodzi imathamanga kuposa inzake, kuti kakwere umangowonjezera moto. Basi. Pavidiyo kamaoneka bwino chifukwa amajambula kopanda mphepo. Nanga kuno? Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umabweza ngakhale asodzi okhwima, ndiye kanthu kopepuka ngati nthenga kalimba? Kazipita uku mukukaona, zala zili pa rimoti, mpaka kukatera pamadzi poti simungasambire n'kufikapo. Ndalama yoti munaigonera panyanja usiku wonse pa usipa.

Ine ndimati pirirani mwezi wina, muonjezere, mupeze ka 3CH monga WLtoys F949 kapena Volantex Ranger 600. Iti tili ndi rudder ndi elevator kumchira, mutha kuweramitsa mphuno n'kulimbana ndi kamphepo pobwerera, ndipo sipeya zake amagulitsa padera. Komabe tiulutseni kukakhala bata, kubwalo la mpira, osati pamchenga. Mchenga ukalowa m'timagiya mudzandifuna.

Funsaninso za thupi lake. Fomu ya EPP imapindika n'kubwerera, ikang'ambika imamatika. Ija yonga yotchinjirizira TV m'katoni imangophwanyika, ndipo supagulu amaisungunula.

Pa mota pokha musapupulume. Ogulitsa adzakutamandirani brushless, ndi zoona imakhalitsa. Zotchipazi zili ndi mabulashi amene amatha ngati a sitata, kusiyana kwake n'koti awa sasinthika, umasintha mota yonse. Koma kwa wophunzira, kandege kodula n'kungodzipweteka mtima. Kagwe kaye kamene kugwa kwake simulira.

Ndalama yotsalayo gulani batire yachiwiri. Ija ya 3.7V imakupatsani mphindi pafupifupi 10, kenako kudikira chaji anzanu akukusekani. Osaisiya padzuwa, ndipo ikatupa isabwererenso pachaja, imayaka moto.

Kakagwera m'madzi pafupi, tolani msanga, zulani batire, kasiyeni kaume masiku awiri musanayatse. Mwayi wathu nyanja yathu ilibe mchere, nthawi zambiri kamadzuka.