Kusaka nyimbo yosafinyidwa

Kaseti inali ndi ubwino umodzi: sinkabisa ukalamba wake. Ikakhala yokopedwa ku inzake, inzakeyo nayonso yokopedwa kwina, unkadziwiratu nyimbo isanayambe, chifukwa m'sipika munkayamba kumveka kamphepo kaja ka "siiii". Kwaito wa Mdu, Boom Shaka ndi TKZee ankatipeza motero chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, m'zikwama za achimwene obwera kutchuthi kuchokera ku Joni. Za oimba a kuno tinkagula kwa O.G. Issa ku Limbe, koma zovina zopangidwa pa makina zinkangoyenda m'manja mwa anthu, ndipo dzanja lililonse linkabenthulako pang'ono.

CD itafika tinati basi, mavuto atha. Mbale ija imasunga mawu pa 44.1 kHz ndi 16-bit, ndiye kuti makilobiti 1,411 pa sekondi, ndipo ukaikopa bwino, yokopedwayo sisiyana ndi yoyamba ngakhale pang'ono. Kungoti sitinakhalitse nayo. MP3 inalowa ndi makompyuta, yambiri ya pa 128, yochepa ka 11 poyerekeza ndi CD. Kuti ichepe choncho imataya mawu amene ikuti khutu silingawamve: kamawu kofooka kobisala kuseri kwa ng'oma yamphamvu, ndi mawu oonda kwambiri, kawirikawiri opitirira 16 kHz. Zotayidwazo sizibwereranso.

Ife sitinkadziwa, komanso sitinkasamala. Unkapita kwa mnyamata wa kompyuta pamsika ndi memori kadi yako n'kunena kuti, "Aise, ndiikireko house yanyuwani." Iye funso lake linali limodzi: "Zingati, bigi?" Chofunika chinali kuchuluka. Nyimbo mazanamazana m'kanthu kochepera chikhadabo. Ndani akanafunsa kuti zachokera kuti?

Anthu amakonda kunena kuti MP3 imapha bezi. Ine ndimatsutsa. Log drum ya amapiano imapulumuka bwinobwino, n'chifukwa chake m'minibasi nyimbo imagundabe pachifuwa. Zimene zimavulala ndi zakumwamba: timaseche tija tosalekeza, kuwomba m'manja kwa makina, ndi kamchira ka mawu kamene kamazirala pang'onopang'ono pambuyo pa kiyibodi. Nyimbo zamakina zadzaza ndi zimenezi. Ikani fayilo yofinyidwa kawiri katatu pa masipika akuluakulu a paukwati, mumva timasechewo tikungofwathyafwathya ngati jumbo yopanda kanthu. Ovina sadziwa chalakwika, koma makutu amatopa msanga.

Chodabwitsa n'chakuti nyimbo yoyera sinakhalepo yopezeka ngati lero. FLAC, imene Josh Coalson anaitulutsa mu 2001, imapanikiza fayilo kufika pafupifupi theka popanda kutaya kalikonse. Ukaimasula, imabwerera ndendende mmene inachokera ku situdiyo. Beatport, msika wa ma DJ umene unayamba mu 2004, umagulitsa mafayilo osafinyidwa a WAV ndi AIFF ukawonjezerako kandalama. Traxsource ndiko kuli mulu wa house ndi Afro house ya ku South Africa. Ine ndimakonda Bandcamp, imene inatsegulidwa mu 2008, chifukwa mtengo ndi umodzi kaya wasankha MP3 kaya FLAC, ndipo gawo lalikulu la ndalamayo limapita kwa woimba kapena kampani yake. Kwa ongomvera pa intaneti osagula, Tidal inayamba kale kupereka nyimbo yoyera, ndipo Apple Music inatsatira mu 2021.

Koma bodza nalo lakula. Kaseti inkadziulula yokha, fayilo ayi. Munthu amatsitsa nyimbo pa YouTube, komwe mawu ake ndi ofinyidwa kale, n'kuisandutsa FLAC kapena MP3 ya pa 320, ndipo imatupadi kukula kwake, m'kati muli momwemo. Masamba aulere a nyimbo adzaza ndi zoterezi. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa Spek kamene kamajambula mawu a nyimbo. Fayilo yeniyeni, utoto wake umakwera mpaka cha m'ma 20 kHz n'kumatha mosalongosoka. Yabodza nthawi zambiri imadulidwa mzere wowongoka pa 16, pamwamba pake mdima wokhawokha. Munthu amene kale ndinkangoika kaseti khutu lili tcheru, lero ndimayamba ndayang'ana chithunzi.

Ndiye pali nkhani ya thumba. Nyimbo ya amapiano ya mphindi 7 ikakhala WAV imapitirira 70 MB, FLAC imakhala cha m'ma 45, pomwe MP3 ya pa 128 sifika ndi 7 yomwe. Bandulo imamva. Misika yonseyi imafunanso khadi ya kubanki yolipirira ndalama zakunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, nyimbo ya madola awiri si yogula mosaganiza. Pamwamba pa apo, nyimbo zina zotentha za ku Pretoria ndi Soweto zimayamba kuzungulira pa WhatsApp zisanatuluke, ndipo zina sizitulukanso n'komwe. Zimenezo, yoyera yake ili pa laputopu ya mwiniwake basi.

Sindinganame kuti pa foni, ndi timahedifoni ta pamsika, ndingasiyanitse MP3 yabwino ya 320 ndi FLAC. Sindingathe, ndipo ambiri odzitama kuti angathe sanayesedwepo maso atatseka. Ndimagula yosafinyidwa chifukwa ndi yosunga: mwa iyo nditha kupanga yaing'ono ya mtundu uliwonse mawa, pomwe yaing'ono singabale yaikulu. Choncho ndimagula zochepa, zokhazo zimene ndazimvera mpaka kutsimikiza kuti sizidzanditopetsa, n'kuziika pa hard drive.

Mng'ono wanga akapempha, ndimamutumizira pa WhatsApp ngati document kuti ifike yathunthu. Sipapita nthawi, uthenga wabwera: "Achimwene, nyimbo imodzi yomweyi 45 MB? Mulibe yaing'ono?" Ndikudziwa kuti akaimvera pa kasipika ka Bluetooth, kamene nakonso kamafinya mawu asanafike kukhutu. Ndimamupangira yaing'onoyo.