Lamba wa onyamula zitsulo

Ntchito yanga ndi ya zikopa. Ndimasoka nsapato, zikwama ndi malamba, koma masiku ano ambiri ofika pashopu panga ndi anyamata onyamula zitsulo, ena a m'majimu a m'tauni, ena a kuseri kwa nyumba kumene amanyamula simenti youmbira m'zitini. Pafupifupi onse amabwera akuganiza kuti lamba amagwira msana.

Ntchito yeniyeni ya lamba ili kumimba. Munthu asanatsike ndi chitsulo pamapewa, amakoka mpweya wambiri, n'kuugwira, n'kukankhira mimba ku lambayo mbali zonse. Mpweya wopanikizikawo ndi umene umalimbitsa thupi kuyambira m'nthiti mpaka m'chiuno, ngati tayala lopopa bwino, ndipo msana supindika chisawawa. Wongomanga lamba osadziwa kupuma kotereku wangotaya ndalama zake, ndipo ine zimandiwawa kumuona.

N'chifukwa chake sindikonda kusoka malamba aja otambalala kumsana koma opyapyala pamchombo. Mimba ikankha chiyani pamenepo? Anga ndimadula mofanana kuzungulira konse. Bungwe la IPF, loyendetsa mipikisano yonyamula zitsulo, limalola lamba wosapitirira masentimita 10 mulifupi ndi mamilimita 13 kuchindikala, ndipo ndimatsata muyezo womwewo. Ambiri ndimawalangiza wa mamilimita 10, chifukwa wa 13 amachedwa kufewa ndipo amaluma nthiti. Ndimamata zikopa ziwiri za ng'ombe ndi guluu, n'kusoka m'mphepete ndi ulusi wopaka phula, kenako n'kukhula mphepetezo mpaka chala chizitsetsereka, kuti zisacheke khungu. Mabowo ndimaboola motalikirana masentimita awiri ndi theka. Poyeza munthu ndimadutsitsa tepi pamchombo, osati pamene pamafika thalauza. Wamfupi, amene nthiti ndi fupa la m'chiuno zayandikana, ndimamuchepetsera mulifupi, apo ayi lamba amamubaya akawerama pa deadlift, ponyamula chitsulo kuchokera pansi.

Ndisanadule chikopa ndimafunsa, “Achimwene, mumanyamula makilo angati, ndipo munayamba liti?” Amene wangoyamba kumene ndimamubweza, ngakhale ndalama ili m'manja. Ayambe waphunzira kuima, kutsika ndi kulimbitsa mimba payekha.

Lamba ndi wa katundu wolemeradi: sikwati (kutsika ndi chitsulo pamapewa), deadlift, ndi kukankha chitsulo pamwamba pa mutu uli chiimire. Aphunzitsi ambiri amati uzimanga ukafika cha pa 80 peresenti ya kulemera kumene umatha kunyamula kamodzi kokha. Amene amathera pa makilo 150, lamba amuyambire cha pa 120. Zotenthetsera thupi achite wopanda lamba, ndipo akatsitsa chitsulo amasule kuti apume bwino. Popinda mikono ndi tizitsulo ting'onoting'ono safunika n'komwe.

Pali anthu awiri amene ndimawachenjeza kwambiri. Wodwala BP adziwe kuti kugwira mpweya atasenza katundu kumakweza kuthamanga kwa magazi, choncho ayambe waonana ndi adokotala. Wina ndi amene msana ukumupweteka kale n'kumayembekeza kuti chikopa changa chimupoletsa. Sichingatero, ndipo chingamunyenge kuti awonjeze makilo pamalo povulala.

Pomupatsa munthu lamba wake ndimamuveka ndekha. Zala zizilowa movutikira pakati pa lamba ndi mimba. Akalephera kukoka mpweya wodzaza, timabwerera bowo limodzi.