Mbava idalowa ndende, koma usipa wa amayi sudabwere

Inu amene mumadyera geni pamsika, ndikufunseni: munthu akakuberani n'kugwidwa, chimene mumafuna kwenikweni n'chiyani? Kuti amangidwe, kuti amenyedwe, kapena kuti katundu wanu abwerere pabenchi? Musafulumire kuyankha. Ine ndidakulira kuseri kwa benchi la usipa, ndipo zonse zitatuzi ndidaziona ndi maso angawa.

Amayi anga amaoda usipa kunyanja n'kumagulitsa mumsika wina mumzinda muno. M'chaka cha 2016, ine ndili Fomu 1, bambo wina adathyola shedi usiku n'kunyamula matumba awo awiri. Patapita masiku atatu adagwidwa ali ndi thumba limodzi, linalo atagulitsa kale. Tidasangalala. Thumba lopezekalo lidatsala kupolisi ngati umboni, ndipo amayi adauzidwa kuti adikire tsiku la khoti.

Kukhoti adapitako kanayi. Ulendo woyamba akuti galimoto yotenga akaidi ilibe mafuta. Wachiwiri fayilo siyidaoneke. Tsiku lililonse lotere benchi limakhala lotseka, thiransipoti ya m'thumba mwawo, makasitomala akugula kwa ena. Pomaliza bamboyo adamugamula zaka ziwiri akugwira ntchito ya kalavula gaga. Anzawo a amayi adalulutira: "Mwawina mlandu, asisi!"

Adawina chiyani? Thumba lija pobwerera kunyumba usipa udali utachita nkhungu, wina makoswe atadyako. Ngakhale galu adaukana. Mpamba wonse udali ngongole ya kubanki m'khonde, ndipo ngongole siyidziwa kuti wakuba ali ku ndende. Teremu yotsatira ine ndidakhala pakhomo, fizi palibe.

Chimene chidandikhala pamtima n'chakuti pamlandu wonsewo palibe adafunsa amayi kuti, kodi inu mwini katundu mukufuna chiyani? Adangoitanidwa ngati mboni. Mlandu wakuba ukafika kukhoti umasanduka wa Boma ndi woimbidwa mlanduyo. Woberedwa amaloza chala n'kukhala pansi.

Tsono mverani yachiwiri, imene ineyo sindituluka woyera.

Mu 2022 kamnyamata kena kamene kamachita ganyu yonyamula katundu, zaka mwina 14, kadatsomphola kachikwama ka amayi komwe mudali K60,000. Mukudziwa momwe zimakhalira. "Wakuba! Wakuba!" Msika wonse udaimirira. Adakagwira pafupi ndi mabenchi a tomato, ndipo pomwe ndimafika n'kuti kali pansi, magazi ali chuu pachipumi. Wina adakuwa kuti bweretsani teyala. Ine, mtolankhani amene ndimalemba za ufulu wachibadwidwe, ndidakaponda. Kawiri. Sindidaganize chilichonse, ndidangoona usipa wankhungu uja.

Adakapulumutsa ndi a tcheyamani a msika, amene adakakokera muofesi n'kutseka chitseko. M'chikwama mudapezeka K35,000, zinazo kadali katapatsira mnzake amene adathawa nazo. Aliyense amati kupolisi basi. Amayi adati ayi. "A tcheyamani, ine za kukhoti ndidaziona. Ndikufuna ndalama zanga, ndiponso ndikufuna makolo a mwanayu abwere pano."

M'mawa mwake tidakhala pansi: amayi, a komiti, mkulu wina wa chitetezo cha m'dera, mnyamatayo ndi agogo ake, gogo wogulitsa zitumbuwa amene amamulera chimwalirireni makolo ake. A tcheyamani adayamba ndi mwanayo: "Iwe, nena wekha chomwe udachita." Adayesa kuzungulira, adamubweza. Kenako amayi adamufotokozera, osakweza mawu, kuti ndalamazo zidali zokabweza kugulu Lachisanu, kuti akalephera amalanda ziwiya za m'nyumba, komanso kuti mwana wawo uyu, kuloza ine, adasiyapo sukulu chifukwa cha wakuba ngati iyeyo. Mnyamatayo zibakera za dzulo lake sizidamulize, koma apa adalira. Agogo ake adagwada: "Pepani mayi, mwanayu ndi wanu yemwe." Amayi adawadzutsa n'kuwauza kuti pepani amva, koma pepani saodera usipa.

Adagwirizana, nazilemba m'kope la komiti: mnyamatayo azinyamula matumba ndi kusesa pabenchi la amayi, theka la ndalama za ganyu yake lizipita kungongole, agogo aziwonjezera K1,000 sabata iliyonse.

Ndisakunamizeni kuti zidayenda myaa. Adathawa kawiri, a komiti nkukamusaka. Ngongole imene tidati itha m'miyezi iwiri idatenga isanu. Amalonda ena adakwiya nafe, amvekere mukuweta mbava pamsika pano, mawa itibera ife. Ndipo sindingawanene kuti adalakwa kuopa. Koma K25,000 ija idabwera yonse, mpaka kwacha yomaliza.

Ophunzira ali nalo dzina lachizungu la zimenezi, ndipo amazikamba m'mahotela ngati zatsika ndi ndege dzulo. Koma funsani agogo anu za pabwalo la amfumu. Mbuzi zanu zikadya chimanga cha mnzanu, mumalipa. Mukavulaza munthu, mumapereka chipepeso, nkhuku kapena mbuzi, abale anu akuona. Funso pabwalo limakhala lakuti, chaonongeka n'chiyani, nanga akonze ndani? Anthuwo amadziwa kuti mawa akumananso pachitsime ndi pamaliro. Kodi ife pamsika sitikumana tsiku ndi tsiku?

Ngakhale malamulo a dziko lino sakana njirayi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kuti mwana wopalamula mlandu waung'ono, akavomera kulakwa, asadutse njira yonse ya khoti koma apepese, abweze zomwe adaononga, kapena ayang'aniridwe. Kuyambira cha m'ma 2000 makhoti akhala akupereka chilango chokagwira ntchito yaulere pasukulu kapena pachipatala m'malo mwa ndende. Bungwe la PASI nalo lidayamba mu 2008 kuphunzitsa anthu wamba m'midzi kukhala amkhalapakati pa mikangano ing'onoing'ono.

Nanga kundendeko kumene timathamangira kuponya ana a anzathu kuli chiyani? Ndende yaikulu ya Zomba idamangidwa mu 1935, nthawi ya atsamunda. Mu 2009, pamlandu umene adasuma mkaidi Gable Masangano, khoti lidagamula kuti kuthithikana kwa akaidi n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko, ndipo lidapatsa Boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Funsani aliyense amene watulukako ku Chichiri kapena ku Maula zaka zapitazi akuuzeni momwe amagonera. Mnyamata wolowa chifukwa cha kachikwama amakagona phewa ndi phewa ndi akatswiri othyola maloko. Sukulu imeneyo fizi yake timalipira ndife, pamisonkho, ndipo akamaliza maphunziro amabwerera pamsika pomwe pano.

Komabe ndili ndi mantha anga. Si mlandu uliwonse woti n'kukambirana pansi pa shedi. Wogwirira mwana, wopha munthu, wobwera ndi zikwanje usiku, ameneyo njira yake ndi kupolisi, ndipo komiti yomwe ingauze mayi kuti landirani kangachepe nkhani ithere pompano, nayonso ndi yopalamula. Chinanso, bwalo lopanda malamulo olembedwa limakoma pamene wokhala pampando ndi wachilungamo. Akakhala wokondera, kapena wachipani, wosauka alibe kothawira. Akuluakulu akukumbukira makhoti a miyambo a nthawi ya Kamuzu, kumene woimbidwa mlandu samaloledwa kukhala ndi loya. Khoti lotero ndi limene mu 1983 lidagamula Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera kuti aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo a Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Nawonso amati akutsata mwambo wa makolo. Choncho munthu akanena kuti tithetse mwachikhalidwe chathu, ine ndimayamba ndafunsa: woberedwayo wafuna yekha kapena mwamukakamiza? Wolakwayo wavomera yekha kapena chifukwa waona teyala?

Funso lomalizali limandivuta, chifukwa mnyamata wathu uja adavomera mawa lake la tsiku limene tidamumenya. Kaya adalira chifukwa cha mawu a amayi, kaya chifukwa cha nthiti, ndi iye yekha angadziwe.

Pano ndi mnyamata wamkulu, ali ndi wilibala yakeyake. Galimoto ya nsomba ikafika, amayi amaitana iyeyo poyamba, amati sataya katundu panjira. Chikwama chokha samusiyira, amamanga m'chiuno mkati mwa chitenje. Pamwamba pa diso lake lamanzere pali chipsera. Sabata yatha adandinyamulira thumba mpaka pasiteji, ndidamupatsa ya ganyu, nati, "Zikomo achimwene." Ndidafuna kumufunsa ngati akukumbukira amene adamuponda tsiku lija, koma minibasi idali itadzaza, kondakitala akukuwa, ndipo ndidakwera.