Kagalimoto Kanga ndi Zitunda za ku Mvera

Ana a sukulu amatiwerengera pamtima kuti a Murray ndi a Vlok anafika kuno ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, m'chaka cha 1889, ndipo anafika akuyenda pansi. Ine ndaphunzitsa zimenezi zaka zambiri, koma kutalika kwa zitunda zimene anakwera anthuwo ndinakudziwa bwino nditagula galimoto, pakuti kangapo konse ndazikwera ndikukankha.

Ndinakagula m'chaka cha 2019 ndi ndalama za ngongole, kuonjezapo za mtedza wa mayi a kunyumba. Ndi kagalimoto kakang'ono kogwirapo kale ntchito ku Japan, kamene kanatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe. Injini yake ili ndi masilinda atatu okha. Wogulitsayo anati, "Aphunzitsi, aka mafuta kamangonunkhiza." Pamenepo sananame. Chimene sananene ndi chakuti kanapangidwira misewu yosalala ya m'tauni, osati ya kwathu kuno, kumene munthu ukachoka ku Salima umangokwera kufikira utafika.

Miyezi isanu inatha bwino. Kenaka m'mawa wina injini inayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, ndipo kanyale kachikasu kanayaka kutsogoloku. Makaniko anati yapsa koilo, kachipangizo kamene kamatumiza moto ku pulagi. Silinda iliyonse ili ndi koilo yake. Tsono ikafa imodzi mwa zitatu, mphamvu yotsalayo sikwanira pa chitunda. Ndinagula ina ku Lilongwe. Patapita miyezi inayi inapsanso. Ndinagulanso. Makaniko wachiwiri anati vuto ndi kutentha, nachotsa chotsekera madzi chimene amachitcha thermostat, nachitaya kutchire. Pambuyo pake ndinamva kuti chimenechi chikachotsedwa injini imachedwa kufunda, imamwa petulo wambiri, ndipo mapulagi amada ndi mwaye. Ndinalipira munthu kuti andionjezere matenda.

Mu 2022, mafuta atasowa m'dziko, ndinagula petulo wa m'zigubu, ndipo zinyalala zake zinatseka sefa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya zipangizo ndi kulumpha. Apa ndipo mayi a kunyumba anatulutsa kope limene ankalembamo ndalama iliyonse yopita ku galimoto, ine osadziwa. Anati, "Abambo, taonani nokha. Kodi tikuphunzitsa mwana kapena galimoto?" Ndinasowa choyankha, chifukwa teremu imeneyo fizi ya mtsikana wathu wa Fomu 3 inachedwa masabata atatu.

Mudzafunsa chifukwa chake sindinakagulitse. Owerenga a m'tauni sangamvetse msanga: m'mudzi galimoto ikhala ya mwini wake usana wokha. Usiku ndi ya aliyense amene wadwala. Ndipo ukakhala mkulu wa mpingo, khomo lako ndilo loyamba kugogodwa. Usiku wina wa mvula anandidzutsa kuti nditengere ku chipatala mayi wina wodwala pakati. Titafika pakati pa chitunda injini inayamba kunjenjemera kuja, mphamvu ndi kutha. Amuna awiri amene tinali nawo anatsika nakankha, ine ndili pa giya yoyamba, mayiyo akubuula kumbuyo, apongozi ake akupemphera mokweza. Tinafika, ndipo mwanayo lero akuthamanga. Koma manja anga sanaleke kunthunthumira kufikira m'bandakucha, pakuti ndinadziwa kuti kanyale kaja kanali katayaka sabata yonse, ine ndikuzengereza poopa kope la amayi.

Amene anapeza gwero la vutoli ndi mnyamata amene ndinamphunzitsa Sitandade 6, yemwe masamu ankamuvuta kwambiri, ndipo ndivomere kuti sindinkamuyembekezera zambiri. Analumikiza kamakina kake pansi pa chiwongolero, nawerenga, kenaka anazula makoilo onse atatu ndi kundionetsa. Kunsonga kwake kunali konyowa ndi oilo. Gasiketi ya chivundikiro cha injini inali itauma ndi ukalamba, oilo ndi kumadonthera m'maenje a mapulagi, kumene ankaononga koilo iliyonse yatsopano. Zaka zinayi ndinakhala ndikugula makoilo, pamene chofunika chinali kamphira kotsika mtengo kuposa koilo imodzi. Anabwezeranso thermostat, nandiletsa kuthira madzi a pa mjigo mu rediyeta chifukwa amabweretsa dzimbiri.

Nditatulutsa ndalama anakana. Anati, "Aphunzitsi, lipirani za gasiketi zokha. Koma kanyale kakayaka mudzibwera tsiku lomwelo, musamadikire mawa." Ndiwo mawu amene ine ndinkamuuza za ntchito ya kunyumba.

Tsopano patha miyezi isanu ndi iwiri kasanayakenso. Komabe koilo imodzi ndimayenda nayo, yokulunga m'nsanza pansi pa mpando, ndipo kope lija mayi sanalitaye.