Tsiku limene kalikyuleta inandikanira pamaso pa ana

A Fomu 4 ya 2006, nkhani iyi muikumbukira chifukwa munaseka mpaka misozi.

Chaka chimenecho mng'ono wanga amene ankagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira kalikyuleta yojambula ma graph, TI-84 Plus ya kampani ya Texas Instruments, yomwe inatuluka mu 2004. Pasukulu ponse inali yokhayo. Ndinkaisunga m'thumba la nsalu, mabatire ake anayi ndinkawachotsa usiku kuti asathe msanga. Kunena zoona, ndinkayenda nayo monyada.

Kwa anzanga amene simunaigwirepo, malowetsedwe a matrix ali motere. Mumadina 2nd kenako x⁻¹, ndipo pamabwera mawu atatu: NAMES, MATH ndi EDIT. Mupite pa EDIT n'kusankha [A]. Muyambe mwaiuza kukula kwa matrix, ma row poyamba, ma column pambuyo. Kenako mulembe manambala row ndi row, mukudina ENTER pa nambala iliyonse. Nambala ya negative imafuna batani la (-) limene lili pafupi ndi ENTER, osati lochotsera lija. Mukatha mudine 2nd ndi MODE kuti mutuluke. Imasunga ma matrix khumi, kuyambira [A] mpaka [J].

Tsikulo ndinalemba pabolodi 2x + 3y = 8 ndi x − y = −1. Ndinauza ana kuti samu imene iwo amatuluka nayo thukuta, ine ndiimaliza asanatsegule n'komwe makope. Mu [A] ndinaika 2, 3 pamwamba ndi 1, −1 pansi. Mu [B], ya ma row awiri ndi column imodzi, ndinaika 8 ndi −1. Chifukwa cha phuma ndinalemba [B][A]⁻¹ n'kudina ENTER. Kalikyuleta inangoti ERR:DIM MISMATCH.

Ndinabwereza, yankho lomwelo. Ndinayamba kunamizira mabatire. Kalasi yonse phwete, ine thukuta kamukamu.

Mtsikana wina wa kumbuyo, amene teremu yonse anali asanayankhepo funso, anakweza mkono. “Sala, paja munati ma column a yoyamba azifanana ndi ma row a yachiwiri. Apotu mwayamba ndi ya column imodzi, pomwe inayo ili ndi ma row awiri.”

Ankanena zoona. Lamulo limeneli ndinawaphunzitsa ndine ndemwe, koma nditagwira chipangizo m'manja mutu unasiya kugwira ntchito. Pamenepo ndikanatha kumukalipira kuti ndibise manyazi, ndipo sindikubisirani, maganizo amenewo anandifikira. Ndikanatero, mwanayo sakanakwezanso mkono. Ndinamuitana kutsogolo n'kumupatsa kalikyuleta. Manja akunjenjemera analemba [A]⁻¹[B], ndipo panatuluka 1 pamwamba, 2 pansi. Tinayesa pabolodi: 2 kuphatikiza 6 ndi 8, ndipo 1 kuchotsa 2 ndi −1. Anzake anamuwombera m'manja.

Madzulo ake, nditakhala pakhonde, chinthu china chinandiopsa kuposa manyazi aja. Tsikulo kalikyuleta inandikanira chifukwa kukula kwa ma matrix sikunagwirizane. Nanga onse akanakhala a 2 × 2? Ndinaika 1, 0 pamwamba ndi 2, 1 pansi mu [C]. [A][C] inapereka 8, 3 pamwamba ndi −1, −1 pansi. [C][A] inapereka 2, 3 pamwamba ndi 5, 5 pansi. Mayankho awiri osiyana, popanda chenjezo lililonse. Ndi manambala wamba 3 × 4 ndi chimodzimodzi ndi 4 × 3, koma ndi ma matrix nthawi zambiri sizitero, monga mmene Arthur Cayley anaonetsera kale mu 1858. Mwana amene sadziwa zimenezi adzakopera yankho lolakwika mosakayika konse, poti latuluka m'makina.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kaphunzitsidwe. Aliyense asanadine batani, amayamba walemba m'kope kukula kwa matrix iliyonse ndi kukula kwa yankho limene akuyembekeza. Akapeza yankho amalibwezera mu samu yoyamba ija kuti aone ngati likukwana. Ikalemba ERR:SINGULAR MAT sitithamangira kuizimitsa. Timapita pa MATH, n'kusankha det( kuti tione tokha kuti determinant ndi 0, ndiye chifukwa chake inverse palibe.

Aphunzitsi anzanga, ngati muli ndi kalikyuleta yotere, musaitsekere m'kabati. Apatseni ana aigwire, koma ayambe awerengera pamanja. Ndipo iwe mwana wanga wa kumbuyo uja, ngati ukuwerenga tsamba lino, tsiku lija sindinakuthokoze. Zikomo kwambiri.

Tsalani bwino nonse.