Magalimoto obwera ndi mbiri

Ntchito yanga ndi ya umakaniki, ndipo galaja yanga ili pa Mponela, chakuseri kwa msewu wa M1, kufupi ndi pamene msewu wa ku Ntchisi umapatukira. Magalimoto ambiri ofika pa ine eni ake amakhala pa changu. Sienta yathyola shoko, Probox yatentha injini, ndipo tsiku lililonse limene yaima ndi ndalama yotayika. Amenewo timagwirizana mtengo, ndikonze, azipita. Koma alipo ena amene amafika atakokedwa pa chingwe, matayala ataphwa, m'kati mukununkha zitosi za nkhuku, ndipo mwini wake asanatchule vuto amayamba ndi mbiri: "Amakaniki, iyitu inali ya malemu bambo anga." Munthu akatero ndimaika sipanala pansi n'kumupatsa mpando, chifukwa ntchito yotere siyambira pa boneti.

Anzanga ambiri magalimoto oterewa sawafuna, ndipo sindiwadzudzula. Amatseka malo kwa miyezi, masipeya ake ndi osowa, ndipo malipiro amadikira kuti fodya agulitsidwe. Ine ndimawalandira chifukwa inenso ndimayendera Nissan 1400, imene ndinaisankha osati pa nzeru za ndalama ayi, koma chifukwa cha atsibweni anga.

Kwathu ndi kwa Nthondo, kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi. Atsibweni anapita ku Joni ndi TEBA, m'zaka zija ulendo wa ku migodi unatsegulidwanso mu 1977, utaimitsidwa chifukwa cha ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown mu 1974. Pobwerako komaliza, ulendowo usanatsekeretu mu 1988, anabwera ndi njinga ndi wailesi monga anzawo onse, komanso anabwera ndi chilakolako. Kumeneko anaona timapikapu ta Datsun tikuyenda paliponse, ndipo ankanena kuti tsiku lina kena kadzakwera phiri la kwathu. Anthu ankaseka, chifukwa mlimi wamba nthawi imeneyo ankalima fodya wa chikopa n'kumagulitsa ku ADMARC pa mtengo wosagula ndi tayala lomwe. Koma chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale ndi kumugulitsa ku okushoni ku Kanengo kudzera m'makalabu, atsibweni anasunga ndalama za zaka zingapo n'kugula Datsun 1200 yakale, yobiriwira mofuwirira, kwa munthu wina wa ku Lilongwe.

Galimoto imeneyo inali ya mbumba yonse. Inkatsitsa mabelo anayi kapena asanu kuchokera ku chigafa kukafika pamene lole imatha kufika. Inkanyamula feteleza, malata, akwati, amvano opita ku msonkhano. Usiku umene mayi anga anavutika pobereka mlongo wanga wotsiriza, mvula ikugwa, ndi iyo inawatengera ku chipatala cha pa boma la Ntchisi, ine nditakhala kumbuyo ndi amuna ena awiri kuti tizitsika n'kukankha pamene yatitimira. Pa njala ya 2002 inapita kukasuma kutali, ndipo chaka chomwecho inanyamula maliro ambiri kuposa mmene mtima wa mwana ungasungire. Atsibweni sankalipiritsa maliro. Ankangoti, "Thirani petulo, mphwanga aziyendetsa tochi."

Mphwawoyo ndinali ine, ndipo umakaniki wanga unayambira pa tochi yomweyo. Ndinaphunzira kupala mapulagi, kuuzira majeti a kabureta, kutchera mapointi, ndi kumvetsera injini ndi khutu. Ndinaphunziranso nzeru ya m'mapiri imene oyendetsa a m'tauni saidziwa: galimoto ya batire yofooka umaiimika itayang'ana kumtsetse, mwala uli ku tayala, kuti mmawa ungochotsa mwalawo, ulowetse giya yachiwiri, usiye kilatchi, iyo ilire yokha.

Atsibweni atamwalira, banja linagulitsa Datsun ija kuti ana awo apitirize sukulu, ndipo linachita bwino. Koma ine nditayamba kupeza pang'ono pa galaja, nditafika poti ndingagule galimoto, sindinayang'ane ina. Akazi anga ankafuna Sienta yoti ana azikhala m'kati, ndipo mfundo yawo inali yomveka: kutsogolo kwa 1400 mumakwana anthu awiri, wachitatu mopanikizana. Ndinawapempha kuti andilole, ndipo anandilola. Ndikudziwa kuti si galimoto ya atsibweni. Koma thupi lake ndi lomwelo, kulira kwa chitseko n'komweko, ndipo ndikalowetsa giya yoyamba pa chitunda cha kwathu dzanja langa limachita zimene ndinaona dzanja lawo likuchita.

Chimene chinachititsa kuti ndiipeze n'choti galimotoyi inapangidwa kwa nthawi yaitali osasinthidwa kwenikweni. Inayamba mu 1971 ndi dzina la Datsun 1200, ndipo ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, anapitiriza kuipanga mpaka 2008, itasintha dzina kukhala Nissan 1400. Injini yake, A12 pa zakale ndi A14 pa zapambuyo, ndi yachidule. Ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi, mafuta amadutsa mu kabureta, ndipo munthu wa masipanala ochepa angathe kuiphwasula pansi pa mtengo wa mango n'kuimanganso. Imakoka ndi matayala akumbuyo, choncho ikasenza katundu pa chitunda cha matope imagwira nthaka, pamene galimoto yokoka ndi kutsogolo imangopalasa. NP200 imene inalowa m'malo mwake ndi yokoka ndi kutsogolo, ndipo alimi a m'zitunda muno kusiyana kumeneko amakudziwa.

Koma chikondi chisatseke munthu m'maso, ndipo apa ndi pamene ntchito yanga imalemera. Galimoto yakale ilibe ma airbag, mabuleki ake si a masiku ano, ndipo chitsulo chake chatopa. Munthu wobwera ndi galimoto ya malemu amafuna kumva kuti idzayendanso, ndipo makaniki wadyera amangovomera, n'kumadya ndalama zake pang'onopang'ono mpaka wosaukayo atatopa yekha. Kudya ndalama ya munthu amene akulira kholo lake ndi kuba kwa mtundu woipa kwambiri pa ntchito yathu.

Ndiye ndisanalonjeze kanthu ndimalowa pansi ndi hamala yaing'ono. Chimene chimapha magalimoto kuno si injini, ndi dzimbiri. Pikapu ya mlimi inanyamula feteleza zaka zambiri, ndipo feteleza wotayika akanyowa amadya chitsulo mwakachetechete. Pa 1400, thupi ndi chasisi n'chimodzi, choncho ndimagogoda pamene masipuling'i akumbuyo amagwirira, pansi pa zitseko, pansi pa mapazi a dalaivala ndi pamene pamakhala batire. Chitsulo chamoyo chimalira bwino, chodyeka chimangoti phu, nthawi zina hamala n'kulowa. Hilux ili ndi chasisi yapayokha, ndipo ikang'aluka pang'ono timawotcherera chitsulo china n'kulimba. Yonyenga kwambiri ndi Land Rover yakale ija. Thupi lake ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri, ndiye banja limabwera likunyadira kuti onani, ikadali yatsopano, pamene chasisi ya pansi yatha kale.

Pansi pakakhala pabwino, ndimapita ku mabuleki: mapaipi, masilinda, malayiningi, handibuleki. Kenako chiwongolero ndi mabushi. Injini imabwera pambuyo, penti pamapeto penipeni. Mabanja ambiri amafuna kuyamba ndi penti, kuti galimoto ioneke monga inkaonekera pa chithunzi cha ukwati. Ndimawauza kuti aganizire mtsetse wochokera ku boma la Dowa kupita kwa Chezi, kapena wotsika ku Mvera kulowera ku Salima, ana ali kumbuyo. Wokana kuyamba ndi mabuleki ndimamupempha mwaulemu kuti akaikonzetse kwina. Chimodzimodzinso wofuna kuti ndiwonjezere masipuling'i kuti galimoto ya theka la tani izinyamula tani yathunthu. Masipuling'i adzapirira, koma mabuleki ndi mabeyaring'i sanapangidwire katundu wotero.

Funso lina limene ndimafunsa si la chitsulo. Ndimafunsa kuti blue book ili m'dzina la yani, ndipo abale agwirizana kapena ayi. Kuno kwathu galimoto ya munthu womwalira imatha kukhala pa miyala zaka ndi zaka, osati chifukwa yawonongeka, koma chifukwa ana akuti ndi yawo, adzukulu a ku mbumba akutinso ndi yawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma pamudzi nkhani sithera pa lamulo pokha, ndipo ndaona galimoto imene inkangonyozedwa ili pa miyala ikusanduka ya aliyense tsiku limene yalira. N'chifukwa chake ndimati, "Kakhaleni pansi kaye ndi ankhoswe, mukabwere muli awiri kapena atatu."

Mayi wina, mphunzitsi wa chakumadera a ku Madisi, anachita zomwezo. Anabwera ndi alongo ake awiri atakoka Peugeot 504 ya pikapu imene bambo awo ankagulitsira mtedza ndi nyemba. Inali itaima nthawi yaitali, injini itagwirana, makoswe atadya mawaya. Ndinawerengera zonse pamaso pawo, ndipo ndinawauza kuti ndalama imeneyo ikwanira kugula kagalimoto kena koyenda kale, kosamwa mafuta. Mlongo wamkulu anagwedeza mutu kuvomereza. Koma mayiwo anati, "Amakaniki, kagalimoto kenako tikagula kuti titani nako? Fizi yathu tonse atatu inatuluka kumbuyo kwa iyiyi." Anasonkherana, ndipo ntchito inayenda pang'onopang'ono, malinga ndi malipiro a pamwezi. Masipeya a 504 sanatheretu, pakuti ku Kenya anapitiriza kuipanga mpaka 2004, koma pamafunika kuyendayenda ku Biwi ku Lilongwe ndi kufunsa kwa anthu amene anasunga zakufa.

Chimene chinandikhudza pa galimoto imeneyo ndi zimene anandiletsa kukonza. Mpando wa dalaivala unali utaloweka mbali imodzi, ndipo ndinkafuna kuutumiza kwa wosoka mipando. Anakana. Anati pamenepo ndi pamene bambo awo ankakhala, ndipo kulowekako ndi kwawo. Pa chitseko chakumbuyo panali pophwanyika pamene ng'ombe inagunda, ndipo anati napo ndisawongole, chifukwa nkhani ya ng'ombeyo imakambidwa pabanja pawo mpaka lero. Kuyambira pamenepo ndimafunsa mwini aliyense kuti ndi chiyani chimene ndisakhudze. Wina amaloza chogwirira cha giya chimene malemu anasema okha ndi mtengo, wina mawu olembedwa ku galasi lakumbuyo. Zokhudza chitetezo sindinyengerera, koma zinazo ndi zawo.

Masiku ano ntchito yotereyi yakwera mtengo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo sipeya yochokera ku Joni pa basi mtengo wake sukhalitsa. Sindithanso kulonjeza mtengo wa ntchito ya miyezi, ndimangoti tigule chofunika lero, chamawa tidzaona mawa. Magalimoto a ku Japan olowera pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam adzaza m'misewu, ndipo ine sindidana nawo. Samwa mafuta, amateteza bwino pa ngozi, ndipo ndiwo amadyetsa galaja yanga. Anyamata amene ndikuwaphunzitsa ndimawakakamiza kudziwa kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto, chifukwa tsogolo lawo lili kumeneko. Mwinanso ana amene lero akupita ku chipatala pa Sienta adzaifunafuna akadzakula. Koma Loweruka masana ndimawaitana anyamatawo kuti aphwasule kabureta, chifukwa m'midzi ya kwa Chakhaza, kwa Kayembe ndi kwa Kalumo magalimoto akale akadalipo, ndipo eni ake adzafuna munthu wowadziwa.

Ilipo nthawi imene hamala imalowa paliponse, ndipo ndimayenera kunena kuti iyi siyendanso. Mawu amenewo ndimawanena nditakhala pansi, osati nditaimirira ndi sipanala m'manja. Ena amakwiya n'kupita kwina, ena amalira. Amene akhazika mtima pansi ndimawauza kuti asathamangire kwa ogula zitsulo zakutha, amene amagula pa sikelo. Injini ingathe kupatsa moyo galimoto ina, magalasi ndi magetsi ali ndi owafuna, ndipo ekiselo yakumbuyo ndi chuma. Ngolo zambiri zimene mumaziona ku Mponela, ku Nambuma ndi ku Malomo zikuyendera ma ekiselo a mapikapu akufa. Ndimaichotsa pamodzi ndi matayala ake, ndimatsuka, ndimaika mabeyaring'i ena ndi girisi, kenako ndimaipereka kwa mnzanga wowotcherera ndi kalipentala kuti amange bokosi. Banja lina la chaku Bowe linachita zimenezi ndi Datsun ya agogo awo. Tsopano ng'ombe ziwiri zimaikoka kupita ndi manyowa kumunda ndi kubwera ndi chimanga, ndipo chaka chilichonse kukolola kusanayambe mdzukulu wawo amabwera nayo kuti ndione mabeyaring'i ndi kupopa matayala.